"Ndi mmene amayezera": Zikhulupiriro ndi zoona zake

Kuno kunyanja, kuyambira ku Metangula mpaka ku Cobue, munthu wovala zoyera za kuchipatala satsutsidwa. Akati vulani, timavula. Akati gonani apa, timagona. Ulemu umenewu uli ndi pochokera, pakuti ambiri mwa anamwino ndi madokotala athu amatitumikira mokhulupirika ngakhale zipangizo zili zoperewera. Koma ulemu womwewu ndi umene umatitseketsa mwana pakamwa akabwera n'kunena kuti, "Amayi, adokotala aja andigwira posayenera." Timangoyankha kuti, "Iwe, takhala chete, ndi mmene amayezera."

Mawu ngati amenewa ndi amene anabisa Larry Nassar kwa zaka pafupifupi 20. Iyeyu anali dokotala wa zamasewera pa yunivesite ya Michigan State ku America komanso wa timu ya dzikolo ya masewera a jimunasitiki. Mtsikana akabwera ndi msana kapena chiuno chopweteka, ankamugwira kumalo obisika, popanda magolovesi, popanda kumufotokozera, n'kumati ndi chithandizo. Ena anadandaula kwa mphunzitsi wawo mu 1997, sanamveredwe. Mu 2014 wina anakasuma kuyunivesite, koma anauzidwa kuti sanamvetse kusiyana kwa kuyeza ndi nkhanza. Nkhani inaphulika mu 2016 pamene Rachael Denhollander analankhula poyera mu nyuzipepala ya Indianapolis Star. Mu Januwale 2018 amayi ndi atsikana oposa 150 anaimirira m'khoti mmodzimmodzi kufotokoza zomwe anawachita, ndipo Nassar anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 40 mpaka 175.

Chimene chimandiwawa kwambiri m'nkhaniyi n'chakuti nthawi zina kholo linkakhala m'chipinda momwemo. Nassar ankaima motchinga, kapena kufunditsa mwanayo nsalu, uku akucheza ndi mayi wake ngati palibe chikuchitika. Mwana n'kumaganiza kuti poti amayi ali pompano ndipo sakunena kanthu, ndiye kuti zili bwino. Choncho amene amati "ndinali naye limodzi, sizingatheke" aganizenso. Kuperekeza mwana sikukwanira ngati mwangokhala pampando maso ali pa foni, osafunsa chimene chikuyezedwa.

Ena amati mwamuna sachitidwa zotere, makamaka mnyamata wamphamvu wa masewera. Pa yunivesite ya Ohio State, kafukufuku wa mu 2019 anapeza kuti dokotala Richard Strauss anachitira nkhanza ophunzira aamuna osachepera 177, ndipo ena ogwira ntchito pamenepo ankadziwa kuyambira mu 1979. Ena mwa anyamatawo anali a masewera olimbana, amuna a minofu. Ankangoisandutsa nkhaniyo nthabwala m'chipinda chosinthira zovala, poopa kusekedwa ndi kuchotsedwa mu timu. Strauss anamwalira mu 2005 asanaimepo m'khoti. Ku yunivesite ina, ya Michigan, nako, anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amuna, anadandaula za dokotala Robert Anderson patapita zaka iye atamwalira mu 2008. Kuchedwa kunena sikusonyeza bodza. Manyazi amamanga lilime kwa zaka.

Mwina mukuti izi ndi za kutali. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ana athu amachoka kumudzi ndi ndalama ya usipa womwe tayanika pathandala, kukaphunzira ku Metangula kapena ku Lichinga, ena kukasewera mpira. Kumeneko amakhala m'manja mwa akuluakulu amene angathe kuwaika mu timu kapena kuwachotsa. Mwana wotere sakana msanga.

Woyeza woona amafotokoza kaye chimene akufuna kuona ndi chifukwa chake, amapempha chilolezo, amavala magolovesi akamayeza malo obisika, ndipo sakwiya wodwala akapempha kuti namwino kapena m'bale akhalepo. Bondo likapweteka, amayeza bondo, ndipo akafuna kupitirira pamenepo amanena chifukwa chomveka.

Inu makolo, amalume ndi azakhali, mwana akakuuzani zoterezi musamukalipire, ndipo musathamangire kukazithetsa ndi chindapusa kwa amfumu. Mumvetsereni mpaka amalize. Kenako pitani naye kupolisi, ku ofesi yothandiza mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere ya Linha Fala Criança.