Madzi olowa pawindo la m'basement amachokera kudenga

Anthu ambiri akandiitana amafuna ndiwamatire windo. Madzi alowa m'basement, kapeti yanyowa, silikoni agula kale. Ine ndimayamba ndapempha makwerero kuti ndikaone denga, ndipo ena amandiyang'ana ngati ndabwera kudzawadyera ndalama.

Kuno ku Toronto nyumba zambiri zili ndi zipinda zapansi pa nthaka, zotchedwa basement. Kuti muzilowa kuwala, kunja kwa windo amakumba dzenje n'kulitchinga m'mbali ndi lata lopindika kapena konkire. Timalitcha window well. Pansi pake amathirapo miyala ya kwale, ndipo womanga akakhala wosamala amaikapo paipi yotsikira ku ina yoboolaboola yomwe imazungulira maziko. Kuchoka apo madzi amapita m'ngalande kapena m'kadzenje ka pampu yowapopera kunja.

Dzenjeli analipangira mvula yogwera momwemo basi, ndipo imeneyo siichuluka. Koma tawerengani za padenga. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndi lita imodzi. Denga la masikweyamita 100 likalandira mamilimita 30, ndi malita 3,000, ndowa 150 za malita 20. Pa 8 July 2013, pabwalo la ndege la Pearson panagwa mamilimita 126 tsiku limodzi. Paipi yotsitsa madzi a padenga ikamathera pafupi ndi dzenje lija, silikoni angatani?

Chinanso ndi dothi. Lomwe amakwirira nalo maziko silikhala lolimba ngati lomwe analipeza, choncho pakapita zaka limatitimira, bwalo n'kupendekera kukhoma. Mwininyumba saona kanthu chifukwa pamwamba pamera kapinga wokongola. Ife timafuna nthaka itsike masentimita pafupifupi 15 pa mamita atatu oyamba kuchoka pakhoma, ndipo paipi ya kudenga izikatayira madzi kutali. Madzi okhazikika pakhoma amalikankha usiku ndi usana mpaka atapeza mng'alu, ndipo kuno chisanu chikawaumitsa amafufuma n'kuukulitsa.

Zimenezi zikatha m'pamene ndimagwada padzenje. Pansi pa masamba ouma mumakhala matope akuda onunkha, otseka mipata yonse ya miyala, nthawi zina ndi mpira wa ana womwe unasowa kalekale. Ndimachotsa zonsezo, n'kutsegulira madzi a m'paipi yothirira maluwa. Akamalowa pansi msanga, zili bwino. Akayamba kukwera kulunjika pawindo, paipi yapansi yatsekeka kapena kulibiretu, ndipo apa m'pofunika kukumba. Miyala izilekezera pansi ndithu pa windo, osati kuligunda.

Chivindikiro chapulasitiki choonekera mkati chimathandiza pa masamba. Koma ngati m'chipindamo mumagona munthu, windolo ndi pothawira moto ukabuka, ndiye chivindikirocho chikhale choti ngakhale mwana atha kuchikankha ali mkati. Zochikhomera ndi misomali ndimakana.