Tatsanzikana ndi mayi amene ankasunga mbewu zathu

Kuno ku Kasungu munda wolemekezeka ndi wa fodya. Kwa Mwase, komwe ndimaphunzitsa pasukulu ya sekondale yoyendera, mwana amadziwa kusoka fodya asanadziwe kufesa mpiru. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, nkhani paliponse imakhala ya mabelo ndi madola. Koma ndiwo zamasamba ambiri timachita kugula, chifukwa kuyambira Seputembala madambo amadzaza ndi nazale za fodya ndipo madzi a m'zitsime amathera komweko.

N'chifukwa chake tinayambitsa gulu la dimba. Si bizinesi ayi. Anyakwawa anatibwereka malo kudambo, ndipo zokolola zimapita kwa okalamba, ana amasiye ndi odwala. Zotsala timagulitsa kuti tigulire makasu ndi zothiririra. Mwezi wathawu gululi latsanzikana ndi mayi wina amene tonse tinkangomutchula kuti Amayi a Mbewu.

Mayiwa kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ndi amuna awo kudzagwira utenanti, monga anachitira mabanja ambiri a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe kuyambira m'zaka za m'ma 1970, pamene maesiteti ankachuluka kuno pomwe kwawoko malo anali atachepa. Tenanti amakhala pamalo a eni. Chakudya amatenga pangongole, n'kudzamudula fodya akagulitsidwa. Sabzala mtengo, poti sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala pomwepo. Mu 2021 aphungu anasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, koma lamulolo silinapatse munthu munda. Bambo atamwalira, abale anawaitana mayiwa kuti abwerere, pakuti kwawo munda umatsata kuchikazi. Atakhala zaka zoposa 20 ku Kasungu, ulendo uno ndi woyamba kukalima nthaka yawoyawo.

Munthu wopanda munda ndiye anali nkhokwe yathu. Anali ndi mbewu za bonongwe, luni, chisoso, denje, chidede, maungu, khobwe ndi nandolo. Zina ankazisakaniza ndi phulusa n'kuzitsekera m'mabotolo, zina ankazipachika pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Posankha mbewu sankatenga zotsala. Ankamangirira kansalu pa chomera chonenepa kwambiri, ndipo wothyola pamenepo ankaona zakuda. Ine ndimaphunzitsa pabolodi kuti mbewu ya haibulidi siibwerezedwa chifukwa ana ake safanana ndi kholo. Iwo ankangoti, "Aphunzitsi, ya m'sitoloyo ndi mlendo, imadya n'kumapita."

Lamulo lawo lina linkakwiyitsa abambo. Wochokera kuchigafa, kapena wofwenkha fodya wa mphuno, samaloledwa kukhudza tomato asanasambe m'manja ndi sopo. Ankakananso kuti tibzale tomato pomwe panali nazale ya fodya. Anthu ankati n'zikhulupiriro chabe. Chonsecho fodya ndi tomato ndi mbewu za banja limodzi: matenda okhwinyatitsa masamba amayenda ndi manja kuchoka pa fodya kupita pa tomato, ndipo tinyongolotsi totupitsa mizu timatsalira m'dothi. Iwo anazionera m'maesiteti, osati m'buku. Mankhwala opopera fodya ndiye sankafuna n'kuwaona komwe pafupi ndi ndiwo.

Chimandiwawa n'chakuti m'kaundula wa gulu dzina lawo linalembedwa kuti "membala" basi. Alendo a mabungwe akabwera amafunsa wapampando ndi mlembi, amawerenga mabedi, amajambula pampu yopalasa. Sindinamvepo wina akufunsa kuti mbewu amasunga ndani. Magulu ambiri a madimba amene ndawaona akutha sanathe chifukwa chosowa pampu. Anatha atachoka munthu mmodzi wotere.

Mwambo wotsanzikana unali wamba. Panali thobwa, nsima ya nkhuku, ndi chitenje chimene tinasonkherana. Anyakwawa analankhula, wapampando analankhula motalika ndithu. Itafika nthawi yawo, mayiwa sanaimirire kuti ayankhe. Anayala mkeka, n'kutulutsa mabotolo awo, n'kuyamba kugawa mbewu kwa mabanja asanu ndi awiri. Wapampando atapempha kuti zonse zikhale kunyumba kwake, anakana mwaulemu: "Pepani bambo, nyumba imodzi ikhoza kupsa."

Masabata atatu asananyamuke, ndinawatumizira atsikana anayi a Fomu 3 ndi kope. Analemba nthawi yothyola, kayanikidwe, muyezo wa phulusa, ndi kakonzedwe ka mfutso wa nkhwani ndi chitambe woti tidye m'chilimwe. Kopelo ladzaza, koma atsikanawo akuti zina sizikulembeka. Mayiwa ankadziwa kuti mbewu yauma poiluma ndi mano, ndipo kamvekedwe kake ungakalembe bwanji?

Kalongonda yekha ndiye anakana kutisiyira. Nyemba imeneyi, ndiwo yotchuka kwa Alhomwe, imafuna kuiwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi kangapo, apo ayi imaledzeretsa ndi kudwalitsa. Anati pakati pathu palibe woleza mtima chotero, ndipo palibe anatsutsa.

Anakwera basi ya m'mamawa yopita ku Lilongwe, kuti akalumikize ya ku Limbe. M'chikwama munali mbewu ya mtedza wa kuno, woti akayese ku Phalombe. Ife mvula ikangosiya tifesa mpiru ndi bonongwe, ndipo kansalu komangira pa chomera chambewu tapatsa mmodzi wa atsikana aja, amene amayi ake nawonso anabwera kuno ndi utenanti.