Njira Yodutsa M'munda wa Mnzathu

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, lero tikambirana za chinthu chimene mumachiponda m'mawa uliwonse, ndicho njira. Kodi munayamba mwadzifunsa kuti kanjira kamene mumadzera popita kusukulu, kuchitsime kapena kuchigayo nka yani? Kawirikawiri kamapyola m'munda mwa munthu, mwinanso kuseri kwa khola lake. Nanga mwini mundayo atadzuka tsiku lina nkutchingapo waya, mungathe kumletsa?

Tiyeni tipite ku Rufunsa, boma limene lili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Kale linali mbali ya boma la Chongwe, ndipo linapatulidwa pa nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Malo ambiri kumeneko amayang'aniridwa ndi mafumu atatu, a Mpanshya, a Bunda Bunda ndi a Shikabeta. Ndi dziko lamapiri, ndipo midzi yambiri ili kutali ndi tala. Wodwala wopita kuchipatala cha St Luke's ku Mpanshya, kapena mlimi wotengera chimanga kumsika pa ngolo, amayamba wayenda m'njira zazing'ono asanafike pamseu waukulu.

Mseu waukuluwo, wa Great East Road, ulibe mkangano. Ngwa boma, ndipo umasamalidwa ndi bungwe la Road Development Agency motsata lamulo la miseu la 2002. Palibe angautseke. Nkhani yathu ili pa tinjira topatuka pamseupo kulowa m'midzi.

Pamwambo wathu, nyakwawa ikapatsa munthu malo, imampatsa kuti alime ndi kumangapo. Njira imene waipezapo saipatsidwa. Ya kumanda, ya kumtsinje, ndi ija yodzera ng'ombe popita kukamwa madzi, zonsezi nza mudzi wonse. Wina akalima mpaka kuidya, amaitanidwa pabwalo, akuluakulu nkunena kuti njira iyi tinaipeza, ndipo mlandu umathera pomwepo. Zindikirani kuti palibe pamene zimenezi zinalembedwa. Buku lake ndi mitu ya okalamba, ndipo limagwira bwino ntchito pokhapokha onse okangana ali anthu omvera bwalo limodzi.

Zinthu zimasintha malo akalembedwa m'kaundula wa boma. Mu 1975 boma la Pulezidenti Kenneth Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa malo. Lamulo la malo la 1995, limene linadza pambuyo pake, limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse, ndipo limalola kuti malo a mafumu asandutsidwe obwereka kuboma kwa zaka zosapitirira 99. Wofuna kutero amayamba wapempha chilolezo cha mfumu, kenaka khonsolo ya boma, ndipo pomaliza mkulu woyang'anira malo, Commissioner of Lands, amapereka chikalata. Opima malo amabwera nkukhoma zizindikiro zasimenti m'malire. Chikalatacho chikatuluka, malowo sakhalanso pansi pa bwalo la nyakwawa.

Tsono mverani bwino apa, pakuti mpamene pagona phunziro lonse. Lamulo la kaundula wa malo limati malo akakhala ndi chikalata, munthu sangapatepo ufulu wodutsa chifukwa chongoti wadutsapo zaka zambiri. Mwini chikalata angakulekereni zaka makumi atatu, koma mwana wake, kapena amene wagula malowo, nkudzaika chipata ndi loko. Njira imene inalipo kale chikalata chisanatuluke siifa msanga chotero, komabe anthu a m'mudzi ayenera kukaitsimikizira kubwalo la milandu ya malo la Lands Tribunal kapena ku High Court. Ulendo umenewo umadya ndalama ndi nthawi, ndipo nkhalamba imene inkadziwa mbiri ya njirayo mwina nkuti itatsikira kale kuli chete.

Chotero nthawi yolankhula ndi pamene opima malo asanakhome zizindikiro zawo. Lamulo la 1995 lomwelo limalamula kuti malo a mafumu asaperekedwe popanda kufunsa munthu aliyense amene angakhudzidwe. Mayi wotunga madzi pachitsime cha m'malomo ndi wokhudzidwa. Mwana wa sukulu nayenso ndi wokhudzidwa, ngakhale kuti si kawirikawiri akulu kumkumbukira. Njira ikhoza kusiyidwa kunja kwa malire, kapena kujambulidwa pamapu ndi kulembedwa m'chikalata, kotero kuti aliyense wodzatenga malowo adzaipeze ili momwemo.

Vuto limeneli si lathu tokha. Ku England alimi anali ndi nyumba zikuluzikulu zamiyala zosungiramo udzu, mbewu ndi ziweto. Ulimi utasintha, zambiri zinagulitsidwa nkukonzedwa kukhala nyumba zogonamo anthu. Koma kanjira kofikira kumeneko nthawi zambiri kamakhala ka mlimi woyandikana naye. Malamulo akumeneko amalola kuti wodutsa poyera kwa zaka 20, mosakakamiza ndiponso mosapempha, apate ufulu wa njira. Komatu ufuluwo umatsata ntchito imene njirayo inkagwira. Imene inkadutsa ngolo ya udzu siingosanduka yokha njira ya magalimoto a mabanja asanu, ndipo milandu yotere yafika kumakhoti kambirimbiri.

Tiyerekeze zomwezo ku Rufunsa. Mlimi wina analola mnzake kudutsa m'mphepete mwa munda wake ndi ngolo popita kushedi yosungiramo chimanga. Patapita zaka shediyo yagulidwa ndi munthu wa ku Lusaka, amene waisandutsa nyumba yogona alendo. Tsopano magalimoto akudutsa usana ndi usiku, mizere ikuphwanyika, ndipo mbuzi ina yagundidwa. Wolakwa ndani? Wogulayo akuti anaipeza njira. Mwini munda akuti analola ngolo ya mnansi wake, osati malole a alendo. Onse awiri akunena zoona, ndipo nchifukwa chake mlandu wotere umavuta kuweruza. Pakadakhala pepala lonena m'lifupi mwa njirayo, zoyenera kudutsamo, ndi amene aziikonza mvula ikaikumba, bwenzi akumwera limodzi thobwa.

Aphunzitsi, sabata ino tulukani ndi ana anu panja. Mwana aliyense ajambule njira yake yochokera kunyumba kufika kusukulu, ndipo alembe minda imene amapyola, mitsinje imene amaoloka, ndi pamene pali mpanda kapena chipata. Madzulo akafunse agogo ake kuti njirayo inayamba liti, ndipo inkapita kuti sukulu isanamangidwe. Mukasonkhanitsa mayankho, jambulani mapu amodzi aakulu. Ena muwapachike m'kalasi, ena mukawapereke kwa a nyakwawa, mutalembapo tsiku ndi chaka.