Zithunzi zolaula pakati pa ana: alangidwe ndani?

Aphunzitsi a kusekondale akudandaula kuti m'mafoni omwe amalanda m'kalasi akupezamo zithunzi zamaliseche zomwe ophunzira akutumizirana okhaokha. Mchitidwewu wagawa makolo, aphunzitsi ndi odziwa malamulo: kodi ana oterewa azizengedwa mlandu?

Mtsikana wina wa Fomu 3 mumzinda wa Blantyre adalandira foni kuchokera kwa amalume ake a ku Joni kuti azipezerapo manotsi. Chibwenzi chake, mnyamata wa Fomu 4, ankamugulira bandulo, kenaka adayamba kumukakamira kuti ngati amamukondadi amutumizire chithunzi, poti anzake onse amatero. Mtsikanayu adakana kwa nthawi, koma poopa kusiyidwa adagonja. Usiku wina adadzitsekera kuchipinda, adadzijambula n'kutumiza pa WhatsApp atatchera kuti chithunzicho chioneke kamodzi kokha. Mnyamata uja adachijambula ndi foni ya mnzake.

Chibwenzi chitatha, chithunzicho chidafika pagulu la kalasi yonse, chidadutsa kwa anyamata a kabaza pasiteji, mpaka kwa mayi wina wa kwaya yemwe adakatsina khutu mayi ake a mtsikanayo. Titafika kwawo tidapeza mtsikanayo kuseri kwa nyumba akusadzula nkhwani, mutu uli pansi. Yunifolomu yake idali yopinda bwinobwino pamwamba pa sutikesi, chifukwa kusukulu adasiya. Ngakhale kumjigo amapita kusanache, anthu asanadzuke. Mnyamatayo adalemba mayeso ake a MSCE popanda chomusokoneza.

Mayi ake a mtsikanayo adafuna kukadandaula kupolisi, koma achibale adawaletsa. Ankati poti mwanayo adadzijambula yekha, nayenso akamangidwa.

Manthawa ali ndi pochokera. Lamulo la 2016 lokhudza ntchito za pa intaneti limaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana, ndipo chilango chake chimafika zaka 15 kundende. Kuyambira 2017, malamulo oyendetsera dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Choncho mtsikana wa zaka 16 yemwe wadzijambula akhoza kuoneka ngati wolakwiridwa komanso wopalamula pa chithunzi chimodzimodzicho.

Omwe akufuna chilango amati mwana akapanda kuopa lamulo sadzaleka, ndipo kulekerera kungatsegulire khomo zidyamakanda zomwe zimanyenga ana ndi mayunitsi ndi ndalama za pafoni. Nkhawa yawo ndi yomveka.

Koma ena amati lamuloli lidapangidwa kuti liteteze ana kwa akuluakulu, osati kuwasandutsa akaidi. Zomwe zimakankhira mwana kudzijambula n'zodziwika: kufuna kukondedwa, kutengera anzake, chidwi cha kutha msinkhu, umphawi, nthawi zina kuopsezedwa kumene. Ndende sichiza chilichonse mwa izi. Choopsa kwambiri n'choti mwana akamaopa kumangidwa amakhala chete, ndipo yemwe amapindula ndi uja akumuopseza kuti afalitsa chithunzi akapanda kutumiza china.

Apa mpofunika kusiyanitsa. Wamkulu wopempha mwana chithunzi ayenera kulandira chilango chonse. Mnyamata wofalitsa chithunzi cha mnzake mwadala wachita nkhanza ndipo ayenera kuyankhapo, komatu ngati mwana. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limalola kuti mwana wolakwa apatutsidwe kukhoti n'kulandira uphungu, kupepesa kapena kuyang'aniridwa. Koma mtsikana yemwe adatumiza chithunzi kwa munthu mmodzi yemwe ankamukhulupirira akusowa chitetezo, osati unyolo, ndipo lamulo liyenera kunena zimenezi mosapsatira kuti makolo asamaope kukadandaula.

Kumudzi, nkhani za thupi ankalangiza ndi anankungwi, azakhali ndi agogo. M'tauni makolo ambiri amagula foni n'kuiwala malangizo, ndipo ena sadziwa n'komwe kuitsegula. Mafoni omwewa akawonongeka amakasiyidwa kwa okonza pamsika, ena amagulitsidwa zithunzi zili momwemo. Makolo, musanapatse mwana foni, khalani naye pansi mumuuze kuti chithunzi chikachoka m'manja mwake sichibwezeka, ndiponso kuti zikavuta athamangire kwa inu osaopa.