MTIMA WA AMBUYA UFUNA ULENDO, OSATI MPHASA

M'midzi yambiri ya kuno Kum'mawa, mai akafika pa msinkhu woleka kupita kumwezi, banja limaona kuti nthawi yake yopuma yakwana. Ana aakazi ndi apongozi amamlanda khasu ndi mtsuko, adzukulu amatumidwa m'malo mwake, ndipo iye amamyalira mphasa pakhonde kuti azingotonola cimanga ndi kulera makanda. Umenewu ndi ulemu ndithu, koma ukapyola muyeso ukhoza kufupikitsa moyo wa munthu wolemekezedwayo.

Azimai ambiri amaleka kupita kumwezi ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Nthawi imeneyi isanafike, thupi la mai limapanga mphamvu ina yochedwa oestrogen, imene imathandiza kuti mitsempha ya magazi ikhale yofewa. Mphamvuyi ikacepa, mitsempha imayamba kuuma, mafuta oipa amaculuka m'magazi ndi kumata m'kati mwa mitsempha, ndipo thupi limayamba kunenepa camumimba. Pamenepo mtima umapopa magazi mobvutikira, monga munthu wothirira dimba ndi paipi yotsekeka. Zotsatira zake ndi matenda a BP, matenda a mtima ndi sitiroko, imene imapha ziwalo za mbali imodzi ya thupi.

Bvutoli si la m'matauni mokha ai. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'dziko muno mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu asanu alionse ali ndi BP yokwera. Coopsa n'cakuti nthendayi kawirikawiri simva kuwawa, kotero ambiri amakhala nayo osadziwa. Mai akagwa mwadzidzidzi pakhomo, pakamwa nkupotoka, abale amathamangira kuganizirana ufiti, pamene mdani anali m'mitsempha zaka zonsezo.

Mtima ndi mnofu, ndipo monga mnofu uliwonse umalimba ukamagwiritsidwa nchito. Kuyenda ndi kugwira nchito zotulutsa thukuta kumatsitsa BP, kumacepetsa shuga ndi mafuta oipa m'magazi, ndiponso kumalimbitsa mafupa, amenenso amafooka mai akaleka kupita kumwezi. Mu 2020 bungwe la zaumoyo la dziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi lake mphindi zosacepera 150 pa mlungu. Kumeneku ndi kuyenda ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Muyeso wake ndi wapafupi: munthu azipuma mofulumirako, azikhoza kulankhula koma alephere kuimba nyimbo. Bungweli linanenanso kuti masiku awiri pa mlungu pakhale nchito zolimbitsa manja, msana ndi miyendo.

Mai wa kumudzi safunikira kugula ciliconse kuti akwaniritse zimenezi. M'dzinja, amene akali kulima ndi kupalira ali nazo kale. Nthawi yofunika kusamala ndi ya cilimwe, zokolola zikalowa m'nkhokwe, makamaka masiku ano pamene cigayo calanda nchito ya mtondo ndipo njinga zamoto zikunyamula anthu ngakhale pa ulendo waufupi. M'miyezi imeneyi ambuya aloledwe kuthirira dimba, kusesa pabwalo, kutola nkhuni zopepuka ndi kupita okha wapansi ku chalichi, ku msika ndi kukaceza m'midzi yapafupi. Ng'oma ya cimtali ikalira, kapena anzao akayamba citelele, asamangoomba m'manja ali pansi, koma alowe m'bwalo.

Komabe pali zofunika kucenjera nazo. Amene akhala nthawi yaitali osagwira nchito ayambe pang'onopang'ono, mphindi zisanu kapena khumi, nazionjezera mlungu ndi mlungu. M'mwezi wa October ndi bwino kuyenda m'mamawa kapena madzulo, ndi kumwa madzi okwanira. Mai aliyense wa msinkhu umenewu akapimitse BP ku kiliniki yapafupi, ndipo ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira, atsatire malangizo a kucipatala. Wopatsidwa mankhwala asawaleke poganiza kuti kuyenda kokha kwakwanira. Mcere nawonso ucepe: munthu asapyole kasupuni kamodzi kakang'ono pa tsiku, kuwerengera zakudya zonse.

Ngati mai amva kuthina pacifuwa, kubanika, cizungulire, mseru, kapena kuwawa kwa nsagwada, msana ndi mkono, aleke nchito pomwepo ndipo abale amfikitse kucipatala msanga. Kwa azimai, matenda a mtima nthawi zina amabwera ndi zizindikiro zimenezi popanda kuwawa kwakukulu pacifuwa.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Ana ndi apongozi ofuna kuti ambuya adzaone zidzukulutudzi awapeputsire katundu wolemera, koma asawalande ulendo. Mphasa ikhale ya madzulo, nchito ya tsikulo itatha.