Mwala Wosemedwa pa Kompyuta: Ntchito Yaikulu Imagwiridwa Ndi Ubongo Wanu

Pa zikuto za mabuku ndi zithunzi zotsatsira mafilimu timaonapo zilembo zokhala ngati zagobedwa pamwala, mpaka chala chimalakalaka kukhudzapo. Komatu pepala ndi sikirini n'zosalala. Wojambulayo wangoika mtundu wowala apa, wakuda apo, ndipo kuya konseko kwapangidwa m'mutu mwa woonayo.

Ubongo wa munthu umayembekezera kuti kuwala kuchokere kumwamba, kumene dzuwa limakhala. Mu 1988 katswiri wa zaubongo V. S. Ramachandran anasonyeza zimenezi ndi timizere tozungulira. Kozungulira kowala kumtunda koma kakuda kumunsi kamaoneka kotukuka, pamene kakuda kumtunda kamaoneka ngati kadzenje. Mukatembenuza pepalalo chadodolido, totukuka timasanduka maenje. N'chifukwa chake zithunzi za maenje a pamwezi nthawi zina zimaoneka ngati zitunda. Ndi nkhuku zomwe zili choncho. Mu 1970 Wayne Hershberger analera anapiye m'zikwere zimene kuwala kunkachokera pansi, komabe iwo ankaona zithunzi monga ngati kuwala kukuchokera kumwamba. Mu 1998 Jennifer Sun ndi Pietro Perona anawonjezera kuti anthu ambiri amayembekezera kuwalako kumtunda, chakumanzere pang'ono.

Wojambula pa Photoshop amadyerera chizolowezi chimenechi. Amayamba ndi chithunzi cha mwala weniweni, n'kulembapo mawu ake. Kenako amatsitsa Fill kufika pa 0, kuti utoto wa zilembo uchoke ndipo mwalawo uzionekera mkati mwake. Akatero amatsegula Bevel & Emboss, amasankha Chisel Hard, ndipo pa Direction amaikapo Down. Kuwala amakonda kukuika pa madigiri 120, kutanthauza kumtunda chakumanzere, kutakwera madigiri 30. Taonani chilembo chimodzi, tinene L, mutachikulitsa kwambiri. Khoma la mkati la kumanzere lada bii chifukwa kuwala sikulifika, pamene la kumanja likuwala. Mukasintha Down kukhala Up, mdima ndi kuwala zimasinthana malo, ndipo L uja amatumphuka pamwamba pa mwala. Amene alibe Photoshop asadandaule, pulogalamu yaulere ya GIMP ili ndi Bump Map yogwira ntchito yofananayo.

Masamu ake ndi akale. Mu 1760 Johann Heinrich Lambert analongosola kuti malo amawala kwambiri akayang'anizana ndi kuwala, ndipo amanka nada akamapendekera kumbali. Mu 1978 James Blinn anapeza njira yoti kompyuta iziwerengera kupendekera kwa kadontho kalikonse ngati kuti pamalopo pali tizitunda ndi timaenje, chonsecho pali see. Pulogalamu imatenga chithunzi chotuwa, n'kuwerenga poyera ngati pokwera, pakuda ngati potsika.

Chimene ine chimandiwawa n'chakuti ntchito zambiri zoterezi zimathera pamenepo. Zilembo zimatuluka zosalala ngati sopo watsopano, ndipo diso limakana msanga. Mwala weniweni umabenthuka m'mphepete, umakhala ndi ming'alu, fumbi limadikha pansi pa mzere wogobedwa, madzi amvula amasiya mikwingwirima. Wojambula wakhama amagwiritsa ntchito Displace kuti m'mphepete mwa zilembo mutsatire kukhakhala kwa mwalawo, amafufutako pang'ono m'makona, ndipo amadetsa pansi penipeni pa mzere. Kukhakhala kongopanga nako kuli ndi mwini wake, Ken Perlin, amene atagwira ntchito pa filimu ya Tron ya mu 1982 anapeza njira yopangira mawanga osokonekera koma ooneka achilengedwe. Anapatsidwa nayo mphoto ya Academy mu 1997.

Cholakwa china chachikulu ndi kuwala kotsutsana. Ngati chithunzi cha mwala chinajambulidwa dzuwa lili kumanja, koma zilembo zikuwalira kumanzere, woona amamva kuti pali chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula. Muyambe mwaona kumene mithunzi ya mwalawo yagwera, kenako mutembenuzire kuwala kwa zilembo komweko.

Amisiri osema ankazidziwa izi kalekale. Ku Egypt, zithunzi za pa makoma akunja a akachisi nthawi zambiri ankazigoba molowa mkati, chifukwa dzuwa lowala kwambiri limasiya mthunzi wakuthwa m'mizere yake. Zilembo za patsinde pa chipilala cha Trajan ku Rome, cha m'chaka cha 113, anazidula mozama ngati V, ndipo ndi zimene Carol Twombly anatengerapo kalembedwe ka Trajan ku kampani ya Adobe mu 1989. Wofuna kuphunzira bwino ntchitoyi akaone chiliza chogobedwa m'mawa, masana ndi madzulo. Dzuwa likalunjika pamwalapo mawu amazimirira, likauwomba chopendeka amaoneka bwinobwino.

Asayansi tsopano akugwiritsa ntchito mfundo yomweyi powerenga zolemba zofufutika. Mu 2001 Tom Malzbender ndi anzake ku HP Labs anayambitsa njira yojambula chinthu kambirimbiri, kamera ili malo amodzi koma nyale ikusuntha, kenako kompyuta n'kuphatikiza zithunzizo kuti wofufuza azitha kuyendetsa kuwala mmene afunira. Mu 2005 anajambula motero zidutswa za makina akale a Antikythera ku Athens, ndipo zinathandiza kuwerenga tizilembo ta Chigiriki timene maso paokha ankalephera kutiona.