PULEZIDENTI WA KWATHU NDI WA KWA ANZATHU: MPHAMVU ZAO ZISIYANA

Wolemba Mtolankhani Wathu, Lusaka

Mvula ikagwa masiku atatu osalekeza mu mzinda wa Lusaka, anthu a m'komboni ya Kanyama sagona tulo. Pansi pa komboniyi pali thanthwe, madzi alibe kolowera, motero amadzaza m'njira ndi m'zimbudzi mpaka kulowa m'nyumba. Zinali conco m'caka ca 1978 pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri, mabanja nasowa pogona, ndipo bvutoli lakhala likubwerera zaka zambiri. Mukaima pamsika kapena pokwerera mabasi m'masiku otere, dandaulo limene mudzamva ndi limodzi, lakuti a Pulezidenti abwere adzaone okha. Khansala sachulidwa, phungu sachulidwa, ngakhale nduna. Unga ukakwera mtengo ku Chawama, ndi a Pulezidenti. Mipope ikauma ku George, ndi a Pulezidenti. Nanunso a kumudzi, feteleza akacedwa kufika ku Katete kapena ku Lundazi, mumachula yemweyo.

Anthu salakwa kweni-kweni potero, pakuti malamulo aakulu oyendetsera dziko la Zambia anasenzetsa munthu mmodzi akatundu atatu. Iye ndiye mutu wa dziko, ndiye mutu wa boma, ndiyenso mkulu wa asilikali onse. Anthu a ku Kanyama anaziona ndi maso kumapeto kwa caka ca 2017, pamene matenda a kolera anabuka mu Lusaka: Pulezidenti analamula, ndipo asilikali anatuluka m'makampu kukasesa misika ndi kutsegula ngalande. Koma alipo maiko ena m'mene munthu wochedwa Pulezidenti sangathe kupereka lamulo lotere mwa iye yekha, sangasankhe nduna monga afunira, ndipo za mtengo wa unga alibe nazo mau. Dzina ndi limodzi, koma mipando yace ndi yosiyana kutali.

MIPANDO IWIRI

M'maiko amenewa, monga India, Germany, Italy, Ethiopia ndi Mauritius, mphamvu ya boma imacokera m'Nyumba ya Malamulo. Anthu amasankha aphungu. Cipani cimene cili ndi aphungu ambiri, kapena zipani zimene zagwirizana, ndico cimapereka Nduna Yaikulu, ndipo Nduna Yaikuluyo ndiyo imasankha nduna zinzace, kukonza za misonkho ndi kuyendetsa boma tsiku ndi tsiku. Aphungu akaleka kuikhulupirira, amaponya voti m'Nyumbamo, boma nkugwa ngakhale zaka zace zisanathe. Pulezidenti amakhala pambali. Kawiri-kawiri sasankhidwa ndi anthu onse, koma ndi aphungu, ndipo amayembekezeka kuti asaonetse kukondera cipani ciri conse.

Nanga nchito yace ndi yotani? Amalumbiritsa Nduna Yaikulu ndi nduna zace, amasaina malamulo amene aphungu abvomereza, amalandira akazembe a maiko ena, amatsegula Nyumba ya Malamulo ndi kuitseka nthawi ya masankho ikakwana. Pafupi-fupi zonsezi amazicita motsatira uphungu wa nduna. Wina angati munthu wotere ndi wongodya ndalama za boma. Koma a kwathu amadziwa za nkhoswe. Nkhoswe ya ukwati silima munda wa banja, siisunga makiyi a nkhokwe, ndipo caka cingathe osaiona pakhomo. Tsiku limene m'nyumba mwabuka mkangano woti awiriwo sangathe kuuthetsa, ndi pamene anthu amaithamangira. Pulezidenti wa maiko amenewa ali conco. Masankho akatha popanda cipani copambana bwino, ndiye amaitana atsogoleri ndi kuona amene angathe kusonkhanitsa aphungu okwanira kupanga boma. Nduna zikafuna kucita cinthu cophwanya malamulo aakulu, ndiye woyamba kuzicenjeza.

Mphamvu yace yokana ndi yaing'ono, ndipo za ku Mauritius zikutiphunzitsa kucepa kwace. Cisumbu cimeneci, cimene ciri m'nyanja ya mcere kum'mawa kwa Madagascar, cinayamba kukhala ndi Pulezidenti m'caka ca 1992. Mu Febuluwale 2002 aphungu anabvomereza lamulo lolimbana ndi zigawenga limene linapatsa apolisi mphamvu zambiri zosunga anthu. Pulezidenti Cassam Uteem analibweza kuti aliganizirenso, aphungu nalitumizanso kwa iye losasintha. Malamulo sanamlole kukana kaciwiri, tsono anasankha kutula pansi udindo m'malo mosaina cinthu cimene mtima wace unakana. Waciwiri wace, a Angidi Chettiar, anacitanso cimodzi-modzi. Potsiriza anasaina ndi mkulu wa oweruza milandu, lamulo nkuyamba kugwira nchito. Anthu awiri anataya mipando, koma zofuna za aphungu zinacitika.

Ku India kuli zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Usiku wa pa 25 Juni 1975 Pulezidenti Fakhruddin Ali Ahmed anasaina cikalata cimene Nduna Yaikulu, mai Indira Gandhi, anampatsa coika dziko pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi. Otsutsa boma ambiri anamangidwa, manyuzipepala anatsekedwa pakamwa kwa miyezi 21, ndipo kufikira lero Amwenye amamdzudzula kuti sanafunse kanthu. Pambuyo pace, m'caka ca 1978, anakonza malamulo kuti Pulezidenti athe kubweza uphungu wa nduna kamodzi. Mu 1997 Pulezidenti K. R. Narayanan anagwiritsa nchito mpata umenewu pamene nduna zinafuna kucotsa boma la cigawo ca Uttar Pradesh, ndipo nduna zinabwerera m'mbuyo. Apa tiona kuti nkhoswe yamantha ndi nkhoswe yolimba mtima zimakhala pa mpando umodzi womwewo.

Sitifunikira kuoloka nyanja kuti tione makonzedwe amenewa. Anansi athu a ku Zimbabwe anayamba nao. Malamulo amene anagwirizana ku Lancaster House mu London m'caka ca 1979 anagawa mipando iwiri, kotero kuti pa 18 Epulo 1980 m'busa wa mpingo wa Methodist, a Canaan Banana, anakhala Pulezidenti, pamene a Robert Mugabe anakhala Nduna Yaikulu yogwira boma. Zinakhala conco zaka zisanu ndi ziwiri. Pa 31 Disembala 1987 malamulo atasinthidwa, mipando iwiriyo inaphatikizidwa, a Mugabe nakhala Pulezidenti wa mphamvu zonse, ndipo anakhalapo mpaka 2017.

Pali mtundu winanso umene umasokoneza anthu. Ku South Africa ndi ku Botswana Pulezidenti ndiye mutu wa dziko ndi wa boma monga kwathu, koma mpando wace umadalira aphungu. Caka ca 2008 cikutionetsa kusiyanaku poyera. Mu Seputembala cipani ca ANC cinauza a Thabo Mbeki kuti atule pansi udindo, ndipo m'masiku owerengeka aphungu anasankha a Kgalema Motlanthe, popanda munthu wamba kuima pamzere. Kwathu kuno a Levy Mwanawasa atamwalira pa 19 Ogasiti caka comweco, dziko lonse linapita kukaponya voti pa 30 Okutobala.

NJIRA IMENE ZAMBIA INASANKHA

Ambiri a ife taiwala kuti a Kenneth Kaunda anayamba ndi udindo wa Nduna Yaikulu. Anaulandira mu Januwale 1964, pamene Bwanamkubwa Sir Evelyn Hone anali akadaimira Mfumukazi ya ku Mangalande. Koma pa 24 Okutobala caka comweco, tsiku la ufulu, Zambia inabadwa ndi Pulezidenti wogwira boma m'manja mwace. Anzathu a ku Malawi anayamba ndi Nduna Yaikulu kwa zaka ziwiri, nasintha mu Julaye 1966.

Kukula kwa mpando umenewu kunaonekera ku Matero. Pa 11 Ogasiti 1969, pa msonkhano wa akulu-akulu a cipani ca UNIP m'holo ya m'komboniyi, a Kaunda analengeza kuti miyala yonse ya pansi pa nthaka ikhala ya boma, ndi kuti makampani a migodi ya mkuwa agulitse magawo 51 mwa magawo 100 ku boma. Cuma cacikulu ca dziko cinatembenuzidwa ndi mau a munthu mmodzi woima pa nsanja. Ambiri anakondwera, ndipo panali zifukwa zokondwerera, koma Pulezidenti wa ku India kapena wa ku Germany sakanatha kulankhula mau otere.

Panali nthawi imodzi pamene dziko lathu linatsala pang'ono kugawa mipando. M'caka ca 1972 boma linakhazikitsa bungwe lotsogoleredwa ndi a Mainza Chona kuti limve maganizo a anthu pa za ulamuliro wa cipani cimodzi. Bungweli linayendera zigawo zonse, ndipo m'lipoti lace linapempha kuti mphamvu zoyendetsera boma zigawidwe pakati pa Pulezidenti ndi Nduna Yaikulu, ndi kuti munthu asakhale pa mpando wa Pulezidenti kopitirira nyengo ziwiri zotsatizana. Boma linalandira za cipani cimodzi, koma linakana mfundo ziwirizi. Udindo wa Nduna Yaikulu unabweradi m'malamulo a 1973, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anaukhala: a Chona eni ace, a Elijah Mudenda, a Daniel Lisulo, a Nalumino Mundia, a Kebby Musokotwane ndi a Malimba Masheke. Koma onsewa anali kuikidwa ndi kucotsedwa ndi Pulezidenti, ndipo ngakhale Mlembi Wamkulu wa cipani anali pamwamba pao. Nchito yao yeni-yeni inali kutsogolera zokambirana za boma m'Nyumba ya Malamulo. Pa masankho a Pulezidenti munthu anali mmodzi, ndipo akulu-akulu akumbukira mapepala aja a nkhwazi ya "Inde" ndi cule wa "Iai".

Kuipa kwa kusenza zonse ndi kwakuti zikabvuta palibe wina wogawana naye mlandu. Mu Juni 1990 mtengo wa unga utakwezedwa kuwirikiza kawiri, cipolowe cinayambira ku yunivesite nicifalikira ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi m'makomboni ena, ndipo anthu oposa 20 anataya miyoyo. M'dziko la mipando iwiri, aphungu akadatha kugwetsa Nduna Yaikulu, mutu wa dziko nkutsala cikhalire kuyanjanitsa anthu. Kwathu mkwiyo wonse unalunjika ku State House. Mu Disembala caka comweco a Kaunda anasaina kusintha kolola zipani zambiri, ndipo pa 31 Okutobala 1991 anagonja kwa a Frederick Chiluba. Malamulo atsopano a 1991 anathetsa udindo wa Nduna Yaikulu, nabweretsa malire a nyengo ziwiri, omwe aja amene bungwe la a Chona linapempha zaka 19 m'mbuyomo.

ZINGWE ZIMENE ZIRIPO

Tisaganize kuti popeza mpando ndi umodzi ndiye kuti ulibe zingwe. Kuyambira pa kusintha kwa malamulo kwa mu Januwale 2016, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse, ndipo amaima pamodzi ndi waciwiri wace amene amatenga mpando ngati iye amwalira. Nduna amazisankha mwa aphungu. Lamulo likacokera ku Nyumba ya Malamulo ali ndi masiku 21 oti asaine kapena alibweze, ndipo aphungu akalibvomerezanso ndi magawo awiri mwa atatu, kukana kwace kwathera pomwepo. Msonkho sangautole ndipo ndalama za boma sangazigwiritse nchito popanda cilolezo ca aphungu. Cimene aphungu athu sangacite ndi kumcotsa cifukwa congosiyana naye maganizo: payenera kukhala mlandu wophwanya malamulo kapena khalidwe loipitsitsa, ndipo njira yace ndi yaitali.

Zingwezi zinayesedwapo. Mu 2001 a Chiluba anafuna nyengo yacitatu, koma mipingo, maloya, mabungwe ndi nduna zao zomwe zinakana mpaka anasiya. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo itatsekedwa, nduna zinatsala m'maofesi pa mau a Pulezidenti, koma khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti zinakhalamo molakwa ndi kuti zibweze malipiro amene zinalandira. Mu Okutobala 2020 kusintha kwa malamulo kochedwa Bill 10 kunagwa cifukwa kunapeza aphungu 105 pamene kunafunika 111. Ndipo mu Disembala 2024 khoti lomwe lija linagamula kuti malemu a Edgar Lungu, amene kale anali phungu wa Chawama, sakanatha kuimanso popeza anasankhidwa kawiri, mu 2015 ndi mu 2016. Wolemba uno aona kuti pa zinayizi, ca nduna zobweza malipiro ndico cacikulu, pakuti cinakhudza matumba a anthu amene anali akadali ndi mphamvu.

Tsono za ngalande za ku Kanyama, malamulo omwewo anazipereka kwa khonsolo ya mzinda wa Lusaka, imene meya wace ndi makhansala ace amasankhidwa ndi anthu tsiku lomwelo limene amasankha Pulezidenti. M'caka ca 2022 ndalama za citukuko zopita ku dera la phungu ali yense zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Pempho la ngalande, mlatho, cigayo kapena cipinda ca sukulu, kaya ndi ku Kanyama kaya ndi ku Chadiza, limayambira ku komiti ya citukuko ya m'wodi mwanu, m'mene khansala wanu amakhalamo.